Abambo Ayamba Kugona

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo. Mng'ono wanga Esinta wabereka mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu, ndipo mawu ndi anu omwe, akalira mudzi wonse umamva. Nandolo wachita bwino chaka chino, ngakhale mbuzi za aneba zinatilawirako.

Nkhani yaikulu ndi ya abambo. Chifuwa chawo chija mukuchidziwa, chomwe akuchipatala anati sichipola, n'chongosamala. Inu mutapita, tulo nato tinapita. Usiku kutsokomola ndi befu, masana kusinza pakhonde. Anaonda mpaka kuboola lamba, n'kuyamba kunena zoti akubwera kumeneko. Amayi, ndinachita mantha.

Achimwene anawagulira mapilisi ogonetsa. Ine ndinakumbukira muja munkanenera kuti tulo sagula pamsika, ndiye ndinawabisa, n'kukweza abambo pakabaza ulendo wa ku Boma. Anamwino anati mapilisi otero amafooketsa kupuma, munthu wa mapapo ngati awo akhoza kugona osadzukanso. Kenako anafunsa zomwe zili m'chipinda mwawo. Ndinatchula matumba a chimanga othira mankhwala a anankafumbwe, mbaula ya makala yothamangitsira chiperoni, ndi zenera lotseka ndi chiguduli. Anangogwira pakamwa.

Paja zogona ndi matumba munayambitsa ndinu, chaka chomwe anatibera nkhokwe. Nditanena zotulutsa matumbawo abambo anakanitsitsa, ati mwamuna sagona kutali ndi chimanga chake. Ndinadikira atapita kumaliro, n'kusamutsira zonse kunyumba kwanga, kiyi wa chipinda chosungiramo ndinawapatsa kuti azimangirira m'chiuno. Mbaula ndinatulutsa, zenera ndinatsekula, ndipo pano amagona chotsamira mabulangete opinda. Tiyi wamadzulo ndinaletsa. Masana akayamba kugwedeza mutu ndimawaikira lichero la nandolo pamiyendo kuti asende. Anauza mpingo wonse kuti anabala msilikali, koma ine sindinagonje.

Lamulungu lapitali dzuwa linatulukira pamwamba pa phiri iwo asanatsekule chitseko. Belu la kutchalitchi linalira, mkati zii. Ndinaima pakhomopo ndikuti basi, amayi awatenga. Nditakankha chitseko ndinamva mkonono, ndipo ndinakhala pansi pomwepo n'kulira ngati mwana.

Atadzuka anandikalipira kuti ndawadulira maloto. Akuti anakuonani mukupeta mpunga wa ku Chilwa, mukuwanena kuti ometa tsitsi awasowa kodi. Chiikireni inu m'manda anali asanakuloteni, poti wosagona salota. Tsiku lomwelo anakametetsa, ndipo madzulo anapempha chakudya chowonjezera.

Tapambana, amayi. Chifuwacho chilipo, mankhwala opopera akupitiriza, koma zobwera kumeneko asiya kunena. Ndikulonjeza kuti tulo tawoto nditilondera monga munkalonderera chimanga. Inu muzibwera kudzawaona m'maloto mmene mungafunire, koma m'mawa muzitibwezera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya