Handulo ya Sipuleda pa Bwalo Lathu

Lolemba, 1 Disembala 2003

Sipuleda yatuluka m'shedi lero. Ndi makina aja omwazira feteleza, chimgolo chofiira pa mateyala awiri, chokokedwa ndi thirakitala. A manijala a esiteti atibwereka sabata yonse, masana okhaokha, thirakitala ikaweruka ku fodya.

Nkhani yake ndi iyi. A Elias, mkulu wa ligi ya mpira, anati bwalo lathu ndi maenje okhaokha, mwana wa munthu adzathyokapo mwendo. Abweranso Loweruka. Akapeza lasalala, kapinga akuoneka, anyamata a ku Kapiri tiwalandira pompano Lamulungu. Akapanda kukhutira, masewero athu onse ndi ku Mkanda. Ine ku Mkanda pa njinga, ndi mawondo awa? Ndiye kuti ndatha. Mpira wa pano woulutsa ndine, pakamwa penipeni, nditaima pa chulu cha kuseri kwa golo. Wayilesi ya esiteti ino ndine Jonasi.

Tsono chingwe chimene dalaivala ankatsekulira kachitseko ka pansi pa mgolo chinaduka kale. Pakufunika munthu woima pa thabwa kumbuyo, kugwira handulo. Ndati ndine. Greyson dalaivala wati, "Madala, mugwa inu." Ndati mwanawe, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Lachiwiri, 2 Disembala

Ndakwera. Ndakwera ine, dziko lonse likundiona.

Azimayi asefa mchenga wa ku mtsinje wa Rusa, tasakaniza ndi manyowa a m'khola. Greyson wandionetsa. Ukakoka handulo kachitseko kamayasamula, mchenga umagwera pa mbale yachitsulo, mateyala akamayenda mbale imazungulira n'kumwaza. Handulo ili ndi mano ake, koma manambala anadyedwa ndi dzimbiri.

Mchenga unali wonyowa. Dzino loyamba, zii. Lachiwiri, timibulu ngati ta mbuzi. Ndakoka mpaka pafupi ndi kumapeto, pamenepo wayamba kutuluka bwinobwino. Ndalembapo ndi khala kuti mawa ndisavutike.

Ndamufotokozera G., Greyson uja, nkhani ya ng'ombe imene inalowa m'basi pa Waliranji, yonse, ndi mawu a kondakitala omwe. Titatsika wati sanamve kanthu, injini. Nkhani yabwino yotere kudyedwa ndi dizilo.

Lachitatu, 3 Disembala

Lero ayi.

Mulu wa mchenga wakhala padzuwa kuyambira mmawa, wauma gwa. Ine osaganiza, handulo pa khala langa lija. Unkatuluka ngati mchere m'thumba lobooka, koma fumbi linali lambiri, sindinaone msanga. Titafika pa golo ya kumunsi G. anaima kuti akhote. Pamenepo panali azimayi akuzula chisoso, akazi anga amake Stelia ali pomwepo. Wina wati, "A Jonasi, nanga ng'ombe ija inalipira tikiti?" Munthu wafunsa, ungamusiye? Ndatembenuka, ndayamba. Thirakitala yaima, mbale yaima, kachitseko kali yasa.

Pomwe ng'ombe imafika pa Namitete, pansi panga panali chimulu chofika m'mawondo. Kapinga yense wa pa golo, amene azimayi anadzala ndi manja, wakwiririka.

G. sanakalipe. Bola akanakalipa. Wangoti, "Madala, mawa ndinyamula wina." Ndipo mchenga wotsala ndi wongokwanira, a manijala anati ku Rusa thirakitala sipitanso.

Amake Stelia anatenga chisache n'kuyamba kusesa, osandiyang'ana. Anzawo anabwera ndi mabeseni, kuwola mchenga kubwezera pa mulu. Ine ndinafuna kuthandiza, anati khalani uko.

Lachinayi, 4 Disembala

Ndalawirira kwa G. ndi mango m'chipewa. Wadya atatu asanandiyankhe. Kenako wati, "Mukwera, koma liwu limodzi lokha, mutsika." Ndati liwu la moni? Wati ngakhale la moni.

Ndathyola kamtengo ka bulugamu n'kuluma ngati ng'ombe ya pa goli, kuti lilime lisapeze njira.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani. Nditakhala chete, makina ayamba kuyankhula. Mchenga ukamagwa mlingo wabwino, mbale imalira waaa, ngati mvula yowaza pa malata. Ukachuluka imalemera, phwa phwa phwa. Kachitseko kakatsekeka ndi chibuluma, mbale imalira yokha, ngwee, ngati mwana wanjala. Zaka zonsezi sipuleda imadutsa m'minda ine osadziwa kuti ili ndi nyimbo.

Ndipo dzino lolondola palibe. Pamwamba pa mgolo mchenga ndi wouma, umafuna kampata kakang'ono. Wapansi ndi wachinyezi, umafuna kukokera. G. akathamanga, uwonjeze. Akamakwera kamtunda ka pakati paja, uchepetse. Dzanja lisachoke pa handulo. Khala lija ndafufuta ndi malovu.

Ine ndi G. tapangana zoyankhulana ndi sipanala. Ndikamenya mgolo kamodzi, achepetse liwiro. Kawiri, aime. Tisanakhote ndikutseka kaye. Kuyang'ana kumbuyo, mchenga wagona wopyapyala, maenje adzaza, nsonga za kapinga zikusuzumira. Ndinafuna kukuwa, kamtengo kanandigwira.

Titatsika G. wati, "Kodi ndinu omwe aja?" Ndangogwedeza mutu. Fumbi la manyowa lili pakhosi, m'mano, paliponse.

Lachisanu, 5 Disembala

Tamaliza. Mchenga wathera pa kona yomaliza ndendende, wotsala sungadzaze chipewa. Chakumadzulo kwagwa kamvula kabwino, kosakokolola. Pakhosi pakukanda.

Loweruka, 6 Disembala

A Elias afika pa njinga yamoto. Ayenda bwalo lonse manja kumbuyo, ife tikuwatsata ngati nkhuku. Aponya mpira pansi, wagudubuka osadumphadumpha. Aponyanso. Afika pa golo ya kumunsi, pamene ndinachita zanga zija. Kapinga ndi wapatalipatali. Akanda ndi chidendene, ayang'ana, akandanso.

Ati, "Apa pali dazi."

G. wati, "Bwana, golo iliyonse ili ndi dazi, ngakhale ku Lilongwe."

A Elias aseka. Ati mawa Kapiri ibwera kuno, tithire laimu m'mizere.

Anthu atembenukira kwa ine, poti pa zotere ndine ndimayambitsa mfuwu. Ndakweza manja, ndatsekula pakamwa. Mphepo yokha. Ndayesanso, kwatuluka kakulira ngati ka bakha wamwamuna. G. waseka mpaka kukhala pansi pa kapinga wanga.

Amake Stelia aphika jinja ndi mandimu. Wina wabweretsa uchi. Wina akuti dzira laliwisi. Ndamwa zonse.

Lamulungu, 7 Disembala

Ku tchalitchi ndangoyendetsa milomo.

Masana bwalo ladzaza. Njinga mpaka kumsewu, ena ochokera kutsidya kwa malire atabwera ndi zitenje zogulitsa. Bwalo lili see, mizere yoyera. Ndakwera pa chulu changa. Wezulo yalira, anthu a kuseri kwa golo akundiyang'ana, kudikira. Ine kunong'ona basi. Wina wati, "Wayilesi yatha mabatire." Aseka. Ndinaganiza zotsika.

Ndiye ndamva munthu akupuma pambali panga. Amake Stelia, akwera chulu ndi nsalu yawo ya ku tchalitchi. Ati, "Nong'onezani kuno."

Ndanong'oneza, iwo akuwa. Liwu lija la kwaya, lofika mpaka ku mashedi. Ndati nambala naini wautenga. Iwo ati, "Mwana wa a Nabanda wautenga, amene safuna kutunga madzi uja." Bwalo lonse kugwa ndi phwete. Ndati sindinatero. Ati manambala sakuwadziwa, akudziwa amayi awo.

Poyamba ankadikira mawu anga. Titapuma n'kubwerera, anayamba kunditsogolera. Mpira ukugudubuka pa mchenga wanga ngati pa tebulo, mwana wa a Nabanda wadutsa awiri, ine ndawerama kuti ndiwanong'oneze za dazi la pa golo, poti ndinali nditakonza mawu okoma kwambiri. Iwo andikankha ndi chigongono, maso ali pa mpira.

"Tasunthani pang'ono bambo a Stelia, mukunditchinga."

Ndasuntha.