Musiyeni, khoma limuuza

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa masamu kusekondale, ndipo ntchitoyi ndakhalitsa nayo. Mng'ono wanga nayenso amaphunzitsa masamu, koma njira zathu n'zosiyana. Ine ndimalongosola pabolodi, ana n'kumalemba. Iye amawapatsa funso n'kuwasiya kuti alimbane nalo m'magulu. Ndakhala ndikumuuza kuti kumeneko n'kuchedwetsa silabasi.

Mlongo wathu akumanga ukwati mwezi wamawa, ndipo awirife tinapatsidwa ntchito yokonza holo. Tsiku lokayeza tinatengana ndi mwana wanga wamkazi, yemwe masamu amamuvuta ngakhale ndimamuphunzitsa ndekha kunyumba. Mng'ono wanga anamupatsa tepi ndi choko kuti ajambule pansi malo a matebulo, kusiya njira ya akwati pakati. Nditasuzumira, ndinaona kuti waiwala malo okokera mipando. Ndinatambasula dzanja kuti ndimulande chokocho, koma mng'ono wanga anandigwira mkono nati, "Achemwali, musiyeni. Khoma limuuza."

Linamuuzadi. Atayesa kukhala patebulo lakumapeto, mpando unagunda khoma, iye n'kupanikizika. Anaseka, nafufuta mizere ndi phazi, nayambiranso, ndipo anakhoza. Kuseka ali pa masamu, Aphungu! Kunyumba kwanga masamu amathera m'misozi. Pobwerera anandiuza kuti, "Kwa amayi aang'ono munthu umaloledwa kulakwa. Inu mumandilanda pensulo ndisanayambe n'kuganiza komwe."

Kuchokera tsikulo zonse ndi amayi aang'ono: homuweki, diresi la operekeza akwati, ngakhale womuluka tsitsi pa tsiku la ukwati. Ndadzifufuza mosamala. Sindinganene kuti mng'ono wanga walakwa, pakuti mwanayo wayambadi kumva masamu. Sindinganenenso kuti ndikukondwa. Ndikawamva akuseka kukhitchini, mtima umandiwawa ngati wa mkazi wamkulu pamitala. Ine ndinamubereka, ine ndinamuphunzitsa kuwerenga zala zake, lero ndakhala mlendo?

Ndikuganiza zomuchotsa pa operekeza ponamizira mayeso, kuti maulendo a kwa mng'ono wanga athe. Kodi ndikhala nditalakwa?

E. N. M., mphunzitsi

Mayi E. N. M.,

Inde, mukhala mutalakwa. Munthu wodzifufuza mosamala chotere sadafunikire ine kuti adziwe zimenezo, choncho tiyeni tione chenicheni chimene chikukuwawani.

Mng'ono wanu sanakulandeni mwana. Chimene mwanayo akuthamangira si mayi wina, koma kanthawi kaja ka pakati pa kulakwa ndi kukonzedwa, kamene inu simumupatsa. Dzanja lanu limafulumira chifukwa cha chikondi. Mumafuna kumupewetsa manyazi. Tsoka lake, iye amamva kuti simumukhulupirira.

Musataye njira yanu yonse ayi. Mwana akadzitulukira yekha yankho, amafunabe munthu womulongosolera bwino chifukwa chake yankholo lili loona, ndipo pamenepo katswiri ndinu. Chofunika kusintha ndi ndondomeko chabe: khoma liyambe, inu mutsirize.

Musiyeni mwanayo pa operekeza. Kenako pitani kwa mng'ono wanu mukamuuze poyera kuti mwachita nsanje. Akakusekani, pirirani, nsanje yotchulidwa dzina imachepa mphamvu. Mupempheni kuti tsiku lina mukakhale kumbuyo m'kalasi mwake, naye adzakhale mwanu. Mudzaona zimene ana ake amapindula, iyenso adzaona zimene amasiya m'njira.

Ntchito ya holo sinathe. Nsalu za pamatebulo zikufunika kuyezedwa. Mupatseni mwana wanu tepi, muyeserere panyuzipepala zakale, inu mukhale pampando manja onse awiri atagwira kapu ya tiyi. Akakufunsani, mufunseni kuti iye akuganiza bwanji. Kudzakuyabwani, koma kapuyo musaiyike pansi. Za tsitsi, mupempheni, osalamula. Akasankhabe amayi ake aang'ono, inu mudzamugwirire galasi.

Chenjezo langa nali. Mayeso amabwera chaka chilichonse, koma amalume ake akukwatira kamodzi. Mukamuchotsa, chithunzi cha ukwatiwu chidzapachikidwa pabalaza kwa zaka zambiri, iye mulibemo, ndipo chifukwa chake adzachidziwa. Pamenepo khoma lidzakuuzani inuyo, ndipo mzere umenewo sufufutika ndi phazi.

Aphungu