Kumanda Ndipita ndi Miyendo Yanga

Lolemba, 7 Ogasiti 1978

Ine Susana Nabanda ndikunena, Tabita akulemba. Sukulu ndinalekeza Sabu B, koma ndinabala anthu. Enoki ndi mphunzitsi wamkulu ku Ntchisi. Obadiya amayendetsa lole ya fodya mpaka ku Limbe. Rebeka ali ndi makina akeake osokera ku Mponela. Tabita anatsala pano, ndipo chigafa chake cha fodya ndicho chachitali m'mudzi muno.

Ana amenewa amangira malemu bambo awo, a Benjamini, chiliza, akuti mwambo ukhale pa 2 Seputembala. Manda athu ali pamwamba pa phiri, pamene ine chichokereni ku chipatala cha Madisi, kumene anandisoka m'mimba, miyendo ikukana. Enoki akuti adzandikweza pangolo. Ngolo yake yomwe ija inakweza bambo ake ali m'bokosi! Wamoyo amapita kumanda ndi miyendo. Lemba choncho.

Lachinayi, 10 Ogasiti

Ku Madisi. Khadi la chipani pamfundo ya chitenje, apo ayi basi sukwera.

A Sisitere Veronika anditenga magazi. Akuti, "Agogo, anu ali pa 7. Mayi wathanzi amakhala pa 12 kapena kuposa." Ndati, nanga asanu enawo waba ndani? Aseka, akuti anatayika pa opaleshoni.

Malamulo awo ndi awa. Mapilitsi tsiku lililonse, osamwera tiyi. Chiwindi, nyemba, bonongwe. Kuyenda pachidikha pokha. "Muziyenda mukuimba. Nyimbo ikaduka pakamwa chifukwa cha wefuwefu, khalani pansi pomwepo. Phiri ayi, mpaka magazi apyole 10." Tabita amuphunzitsa kugwira mtsempha wa padzanja. Ukagunda kupyola 120 pamphindi, ulendo wathera pomwepo.

Ndavomera ndi mutu. Mutu wokha.

Loweruka, 12 Ogasiti

Mapilitsi akununkha khasu ladzimbiri. Ndameza.

Lachiwiri, 15 Ogasiti

Ndayenda mpaka pachitsime ndikuimba nyimbo ya Chigwirizano. Yaduka pakati pa ndime. Tabita wandigwira dzanja, maso pawotchi ya malemu bambo ake, akuti, "Amayi, khalani." Mwana amene ndinamuphunzitsa kuyenda ndi manja anga awa.

Lachisanu, 18 Ogasiti

Za dzulo. Tabita sakufuna kulemba, koma alemba.

Iye atapita kudimba, ndinatenga ndodo n'kuyamba phiri. Sindinaimbe. Ndinkadziwa kuti nyimbo indiulula. Pofika pamsuku waukulu uja makutu anayamba kulira, dziko linada bii. Ndinadzidzimuka ndili chagada, pansi pakugwedera. Obadiya, amene ali pano patchuthi, anandipeza popita kukatuta mchenga wotsala kumanda, ndiye anandiika pangolo.

Amayi a kumtondo ataona ngolo ikutsika njira ya kumanda, ine ndili gone, anataya misi. Elube, mlamu wanga, anayambitsa maliro, manja kumutu: "Alamu anga ine, mwatsatira achimwene!" Ndinadzutsa mutu n'kumuuza kuti asunge misozi, ndidzaifuna. Anathawa mpaka kugwetsa lichero.

Anthu akuseka mpaka lero. Ine sindikuseka. Matabwa a ngolo ija ndawamva kumsana.

Lamulungu, 20 Ogasiti

Enoki wabwera panjinga, nkhope ngati akukalanga kalasi.

"Amayi, njira ndi ziwiri. Ngolo, kapena mutsale kunyumba."

"Yachitatu ilipo. Sinthani tsiku."

"Anthu tinawauza kale. Abusa avomera. Mukufuna ndichite manyazi?"

"Nanga ine ndikafike kwa amuna anga ngati thumba la chimanga? Anandikwatira ndikutha kusenza mtsuko kuchokera kudambo osapumula. Iwo sathawa. Adikira zaka zitatu."

Wati mwambo uchitika, ndifune ndisafune. Ndamufunsa kuti alendo ake adzamwa chiyani. Mawere a chimera ali m'nyumba mwanga muno, ndipo sindinaviike. Pamudzi pano palibe mayi angaviike chimera cha mwambo wa Benjamini, mkazi wake atakana. Wayang'ana Tabita. Tabita wayang'ana denga.

Lachitatu, 23 Ogasiti

Elube wabweretsa chiwindi cha mbuzi, kupepesa kwa maliro aja. Ndadya chonse, iye akuonerera.

Lero pachitsime ndafika ndime ili yathunthu. Mtsempha 108. Ndinakhalabe pansi, osati poti Tabita wanena, koma poti ndafuna ndekha.

Lachinayi, 31 Ogasiti

Enoki anaumirira kundiperekeza ku Madisi kuti a Sisitere andidzudzule iye akumva. Anawauza za phiri. A Sisitere anandidzudzuladi, sanandinyengerere: "Mtima wanu ukuthamanga ndi magazi ochepa. Mukanafera pamsuku pomwepo."

Kenaka kapepala kanabwera. Magazi 9.

Ndinati, Enoki, ndiwe mphunzitsi, werenga mokweza. Anawerenga. A Sisitere akuti ndikapitiriza chonchi, pakati pa Okutobala phiri ndikwera, koma mopumira, ndiponso ndikuimba.

Mawere akadali ouma.

Loweruka, 2 Seputembala

Tsiku lawo lija ndi lero. Pabwalo zii, palibe ngakhale mphika wa thobwa.

M'mawa ndinamva zitsulo zikulira kuphiri. Tabita anakasuzumira, akuti ndi Enoki ndi Obadiya, agubuduzira miyala yafulati m'mbali mwa njira. Wina pamsuku, ina kumtunda. Yokhalapo ine.

Enoki walowa masana, malaya ali thope, chala chikuchucha magazi. Ndamuuza asawataye, ngodula amenewo. Wakhala pamphasa, akuti, "Chabwino amayi, nenani tsiku."

Tabita, lemba zilembo zikuluzikulu, Rebeka ndi abusa amve. Banja lonse la Benjamini likumana pano Loweruka, 14 Okutobala. Ine patsogolo, ndipo nyimbo ndiyambitsa ndine. Ngolo idzanyamule thobwa.

Ukatha, ndipatse kiyi wa kuchipinda kuli mawere.