Mbewu ya Ababa M'chipinda Chanu

Ku Ketama,
9 Seputembala 2023

Okondedwa achimwene Mfeddal,

Mtendere ukhale nanu kumeneko ku Antwerp, inu, alamu anga ndi mwana wathu Ilyas. Ife kuno tadzuka, tikuthokoza Mulungu. Musadabwe kuti ndalemba pamanja ngati nthawi ya agogo pomwe foni ilipo. Pafoni ndimakunamizani. Nanga ndingatani, poti mukangoimba Ababa amadzakhala pambali panga khutu lili tcheru, ine n'kumangoti zonse zili bwino? Sizili bwino ayi, ndipo nkhani yake ndi ya chipinda chanu chija.

Chiyambi chake mukuchidziwa, komabe ndiloleni ndibwereze, mwina nane ndiona pamene ndinaphonya. Beldiya, chamba chathu chakale chachifupi chija, chosavuta madzi, chinatha m'chigwa muno anthu atathamangira mbewu yachilendo. Sindikunena kuti ndinu munanyengerera Ababa kusintha mbewu chaka chija, ngakhale kuti ndinu. Yachilendoyo yamwa chitsime chathu mpaka pansi, ndipo Ababa akhala akulira beldiya ngati maliro a mbale wawo. Ndiye tsiku lomwe ndinapeza kamfundo ka nsalu pansi pa bokosi la malemu amayi, muli njere za beldiya zosadzaza n'dzanja lomwe, munthu wamkulu uja anagwada n'kupsompsona kansaluko.

Kudzala panja sizikanatheka. Minda ya Si Hmidou yatizungulira mbali zonse, ndipo mungu wa chamba chake chachilendo ukauluka susankha munda. Ababa anati mbewu ya bambo awo siikwatiwa ndi mlendo iwo ali moyo. Apa m'pamene munalowererapo inu a zamagetsi, n'kutitumizira chojambula chanu pafoni: getsi lalikulu pamwamba, fani kufupi ndi denga yotulutsa mpweya wotentha, ndi bowo m'munsi mwa khoma lolowetsera mpweya wabwino, lokutidwa ndi nsalu yothina kuti mungu wa kunja usadutse. Papepala zinkaoneka zokongola, achimwene. Pepala silituluka thukuta.

Kumsika wa Lachinayi ndinatsika ndekha, poti mukudziwa kuti Ababa saponda mseu wa phula kuopa apolisi. Wa sitolo ataona getsi lomwe ndinkafuna anandifunsa ngati ndikufuna kuitanira ndege pabwalo pathu. Ndinati n'lofunditsira anapiye. Iye anangoseka n'kunena kuti anapiye a kuphiri kuno onse amamera masamba, kenako anandikulungira katunduyo m'thumba la ufa kuti asaoneke. Ndinabwera naye pabulu, manyazi ali tho.

Khoma ndinaboola ndekha ndi chisulo chanu chakale. Bedi lanu tinalitulutsa, pepani, pano likugonedwa ndi anyezi. Mwa njere zonse zija zinamera zisanu ndi imodzi zokha, zina zinali zitafa kalekale. Kuyambira pamenepo moyo wanga unasanduka wa chipinda chimenecho. Getsi likayandikira masamba ankapiringizika, likatalikira mitengo inkawonda ngati ana a njala. Magetsi akathima, ndipo mukudziwa mmene amathimira kuno, ndinkaima m'menemo thukuta lili kamukamu, ndikukupiza ndi chivundikiro cha mphika.

Vuto lalikulu linali bowo lija. Ababa sankalikhulupirira. Ankati mpweya ukalowa ndiye kuti mungu walowanso, nsalu kapena ayi. Ndikangotembenuka ankalitseka ndi bulangete lakale. Makoma anayamba kukha madzi, masamba a m'munsi anachita chuku, chipinda chonse chinkanunkha ngati khola. Ine ndikachotsa bulangete, iwo n'kubwezera. Tsiku lina ndinawalankhula mawu omwe mwana sayenera kulankhula kwa kholo lake, ndinati asankhe, kuzipha ndi mungu kapena kuzipha ndi kubanika. Iwo anandiuza kuti ndisoke nsalu ziwiri pamodzi. Tinagwirizana pamenepo. Anaikanso lamulo lakuti wochokera panja avule chovala chapamwamba ndi mpango asanalowe, ndipo ankandikutumula tsitsi pakhomo ngati ndine mbuzi yochokera kuthengo.

Zinakula, achimwene. Mukanaziona mukanalira. Fungo lake linali lija la ubwana wathu, lomwe amayi ankabwera nalo m'zovala pochokera kumunda. Tinangotsala ndi kudikira kuti zionetse chachimuna ndi chachikazi, pakuti popanda chachimuna palibe njere. Zisanu zinatuluka zazikazi. Chomaliza, chowonda cha pakona, chinatulutsa timipira ta mungu tija. Ababa anavina m'chipindamo ndodo ili m'mwamba, n'kuchitcha mkwati. Madzulo ake tinadya nkhuku ngati pali ukwati weniweni. Pafoni tsiku limenelo sindinakunamizeni.

Tsopano mverani zimene ndakhala ndikubisa. Ababa ayamba kuiwala. Zinayamba chisanu chatha, pang'onopang'ono. Amathira shuga kawiri m'tiyi. Amaswali, kenako n'kufunsa ngati nthawi ya swala yakwana. Masiku ena amandiitana dzina la amayi, ine n'kumangoyankha. Mukaimba inu amakhala bwinobwino, mawu ali gwa, moti nane ndimadzifunsa ngati sindikukokomeza. Sindinakuuzeni chifukwa munali mutangoyamba ntchito yatsopano, komanso ndinkaganiza kuti chipindachi chiwagwira maganizo. Ndipo chinkawagwiradi. Akalowa m'menemo ankakumbukira chilichonse, mpaka mayina a minda ya agogo.

Koma manja nawo ali n'zokumbukira zawo. Mukukumbukira mmene chaka chilichonse kukatentha tinkalowera m'munda banja lonse kuzula zachimuna zisanatsegule, n'kungosiya zochepa kumalire za mbewu? Mukukumbukira makofi a pakhosi omwe munkalandira mukachiphonya chimodzi? M'chigwa monse munalibe diso longa la Ababa. Ankachiona chachimuna ali kutsidya kwa munda.

Mmawa wina ndinapita kukatunga madzi kwa Fettouma, mkazi wa Si Hmidou. Pobwera ndinapeza Ababa akhala pakhonde, m'manja muli dothi, nkhope ikuwala ngati ya mwana yemwe wakhoza mayeso.

"Rhimou, maso ako ndi a ntchito yanji?" anandifunsa. "Chachimuna chakula mpaka m'chiuno pakati pa zazikazi, iwe osachiona? Ndazula. Ukamuuze mlongo wako kuti ulesi wake ndauona."

Ndowa inandipulumuka. Ndinafunsa kuti achiika kuti, ndikuganiza kuti mwina ndingachibwezere m'dothi, kapena kuchiimika m'madzi kuti timipira tija titsegukebe. Analoza kukhola. Nditafika ndinapeza mbuzi yathu yamawanga ikumaliza, kwangotsala kamtengo ndi mizu. Ndinaigwira kukamwa n'kulowetsa zala, achimwene, ine munthu wamkulu, ngati kuti ndingatulutsemo kanthu. Inangondiyang'ana ikutafuna.

Sindinawakalipire. Ndikanakalipira ndani? Amene anazula sanali amene anavina.

Ndinayendayenda kufunsa. Ndinakwera mpaka kumidzi ya kumtunda, kwa azakhali a amayi, ndikufunsa ngati pali yemwe wasunga beldiya yeniyeni. Aliyense ankati ali nayo, koma ukaona masamba ake unkadziwa kuti inasakanizika kale. Wina anafuna kundigulitsa njere za m'paketi yolembedwa chizungu, akulumbira pa dzina la Mulungu kuti ndi za agogo ake. Ngakhale ndikanaipeza, nthawi inali itatha, zazikazi zathu zinali kale pa maluwa.

Patapita masiku Ababa anabwerera m'maganizo mwawo n'kufunsa kuti mkwati ali kuti. Ndinawauza kuti anagwira kale ntchito yake ndipo tinamuchotsa tonse awiri. Anavomera. Kuyambira tsiku limenelo mmawa uliwonse ankalowa kukafinya maluwa ndi zala, kufuna kumva njere. Munalibe kanthu. Anayamba kuda getsi lanu, ati lawotcha mungu. Kenako anada fani yanu, ati yauyamwa n'kuutaya kunja. Anakutukwanani, pepani kunena, ati mwana wophunzira wawaphera mbewu kachiwiri. Anasiya kudya. Bisara, supu ya nyemba yomwe amaikonda ija, inkazizira m'mbale, mafuta ali yandayanda pamwamba. Ankangokhala pa kampando pakati pa mitengo isanu ija, akuipepesa.

Ndinakamuuza Fettouma, poti munthu sungafe nazo wekha. Mukumudziwa pakamwa pake. Nkhani ya mbuzi ija anaiseka mpaka kugwira m'mimba, kenako ataona nkhope yanga analeka. Anati akazi asanu atsekeredwa m'nyumba popanda mwamuna, pomwe kuseri kwa khoma amuna ali mbwee kumalire a munda wa mwamuna wake, ndiye chovuta n'chiyani?

"Chotsa kansaluko, mwana wa amayi," anatero. "Mwana wobadwira m'nyumba ndi wa mwini nyumba. Ndani amafunsa?"

Ndinamuuza kuti ndi wopanda manyazi, ndipo ndinachoka osatsanzika. Koma mawu akewo ananditsatira mpaka kunyumba. Ndinapirira sabata yathunthu. Tsiku lomwe ndinaona Ababa akulephera kudzuka pa mkeka woswalira, ndinadikira kuti agone tulo ta masana, ndinazungulira kuseri kwa nyumba n'kumasula nsalu ziwiri zija zomwe ndinasoka ndekha. Mphepo inkachokera kwa Si Hmidou. Fani yanu inagwira ntchito yake bwino lomwe, inakoka mpweya wa m'chigwa monse n'kuudutsa pa maluwa aja. Ndinachita zimenezi masana angapo, ndikubwezera nsalu iwo asanadzuke. Mmene munanenera kuti mpweya uziyenda kuchokera pansi kupita pamwamba, munalondola.

Njere zagwira. Si zambiri, koma zagwira. Ababa atamva yoyamba pakati pa zala anaitana dzina la amayi, ulendo uno osati poitana ine. Adya, anenepako, ndipo dzana anapita okha kumzikiti. Akuti getsi lanu ndi lodalitsika ndipo anakulakwirani. Njerezo akazitembenuza padzanja amati ndi zenizeni, timizere take ndi tomwe tija. Sakunama, khungu la njere limatengera make. Za bambo wake zimadzaoneka ikamera.

Apa ndiye pagona nkhani imene yandilembetsa kalatayi. Ababa akuti mwezi wa Malichi tidzadzala njerezi m'chipinda momwemo kuti zichuluke, kenako chaka chinacho tidzabwezere beldiya m'munda wa agogo. Akonza kale ndowa zodzalamo. Achimwene, diso lija silinafe. Zikadzangotulutsa masamba achitatu adzadziwa kuti ndi ana a mlendo, ndipo adzadziwa kuti wolowa m'chipindamo ndi iwo ndi ine basi. Akadzandifunsa ndidzati chiyani? Ndikanena zoona, ndiye kuti ndawauza kuti mbewu ya bambo awo anaizula okha n'kuipatsa mbuzi. Ndikakhala chete, adzafa akudziwa kuti mwana wawo wamkazi anawagulitsa.

Ndaganiza zoti ndizikazinge pang'ono kuti zisamere, koma ndiye ndawaphanso ndi chisoni. Ndaganiza zowononga getsi, koma adzakuimbirani kuti mutumize lina, ndipo inu mudzatumiza. Palibe komwe ndikutulukira. Ndipo pali chinthu chimodzi chomwe sindinauze ngakhale Fettouma. Lachisanu lapitali ndili pa swala, ndinadzimva ndikupempha Mulungu kuti pofika Malichi Ababa akhale ataiwala zambiri kuposa pano, kuti adzayang'ane masambawo osawazindikira. Ine Rhimou, kupempherera bambo anga matenda! Mpaka lero sindinabweze pempherolo.

Sindikupempha ndalama, ndipo musanditumizire chojambula china. Ngati kumeneko kuli mankhwala a kuiwala, funsani, ngakhale sindikudziwanso ngati ndikuwafuna. Chomwe ndikupempha n'chakuti mubwere Malichi asanafike. Musandisiye ndekha m'chipinda chija tsiku lomwe zidzamere.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti nkhuyu zouma zili m'kathumba ka buluu komwe ndatumiza ndi kalatayi ndi zawo. Fettouma akupereka moni, akuti mwanenepa pa chithunzi. Ababa akupereka moni wambiri. Ali pakhonde pano akusankha njere, ndipo akuganiza kuti ndikukulemberani za mtengo wa magetsi. Apatula zonona kwambiri n'kuzimanga m'kansalu ka amayi kaja, akuti zimenezo ndi za Ilyas, adzadziwe kwawo. Akuti adzakupatsani okha m'manja.

Mukadzabwera mudzalandire ndi manja awiri, achimwene, ndipo musadzandiyang'ane.

Ndine mlongo wanu,
Rhimou