Pemphero Akuperekeza Bambo Ake

Lolemba, 2 Juni 2025

Mwamuna wanga Lyson wamwalira. Lachisanu lapitali, m'chipatala ku Indiana. Shuga ndi impso. Uthenga wandipeza ku munda wa mpunga, chikwakwa m'manja. Alamu a Jenifa, achemwali ake, anayamba kulira akadali kumsewu. Ine msozi ayi. Ndinamaliza kaye kumweta mzere umene ndinauyamba.

Anapita ku Amereka mu 2006 ndi Pemphero, mwana wathu mmodzi yekhayo, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Opaleshoni ya mtima. Mpingo wa kumeneko unathandiza, koma unati kholo limodzi basi. Ponyamuka Lyson anandiuza, "Elenala, mpunga usanache tabwerako." Mpunga wacha zaka 19. Viza inatha, iye phee, mwana n'kukulira konko wopanda mapepala. Bodza la munthu ameneuja lafika naye kumanda.

Lachitatu, 4 Juni

Ku Kachulu kukatchajitsa foni. Ndapeza mawu a Pemphero pa WhatsApp. Chinyanja chake chinaima pa Sitandade 2, amayankhula ngati akuponda minga. "Amayi, musadandaule. Amalawi a kuno asonkha, thupi libwera. Ine ndiperekeza adadi pa ndege."

Ndiperekeza. Pa ndege.

Ndamvera kasanu, nditakhala pansi pafupi ndi mathandala oyanikapo matemba. Kodi mkazi angakondwe pa maliro a mwamuna wake? Ine ndakondwa. Mulungu andikhululukire, ndakondwa.

Loweruka, 7 Juni

Ndazira chipinda chake. Mkeka watsopano, neti yatsopano. Ndapuntha mpunga wa Faya, wonunkhira uja ankaukonda. Zitenje ziwiri zofanana, changa ndi chake.

Ndinauza Falida wogulitsa matemba. Kulakwa kwanga. Kuuza Falida ndi kulengeza pa wailesi. Madzulo ake anthu ochokera mpaka kwa Mwambo akundipepesa ndi dzanja lamanja, lamanzere akundiyamikira kuti mwana akubwera.

Msinkhu wake sindiudziwa. Pa foni ndimaona nkhope yokha. M'mutu mwanga akadali wolekeza m'chiuno muno, mano awiri akutsogolo atachoka. Madzi a pa mjigo adzamwa? Adzandikumbatira kapena adzandipatsa moni ngati mlendo?

Lachiwiri, 10 Juni

Ndinamuimbira masana, kwawoko kutangocha. Ndinati akatsika pa Chileka asafunefune, ndidzakhala kutsogolo ndi chitenje chobiriwira.

Apo Pemphero anafotokoza pang'onopang'ono. Ali ndi pepala limene amati DACA, la ana amene analowa m'dzikomo ali aang'ono. Silimupanga nzika. Limangoti usathamangitsidwe, gwira ntchito, pakatha zaka ziwiri upemphenso. Ndege za m'dziko momwemo akhoza kukwera. Akangotuluka malire, chitseko chatsekeka kumbuyo kwake. Chilolezo chapadera chilipo, koma chimachedwa, ndipo loya wamuuza kuti ngakhale chitatuluka, pobwerera palibe angalonjeze.

"Ndiwaperekeza mpaka ku Washington, Amayi. Kumeneko akwera ndege ina okha. Ine ndibwerera."

Ndinamukalipira. Ndinati kwathu kuno maliro timaperekeza mpaka dothi litagwera pa bokosi, osati kusiya bambo ako panjira ngati thumba la chimanga. Ndinadula foni.

Lachinayi, 12 Juni

Sindinatuluke. Mphepo yozizira yochokera kunyanja tsiku lonse. Mbalame zikudya mpunga wa kumunsi, zidye.

Ndamveranso mawu ake aja. Mwanayu sananame. Amene anamuphunzitsa liwu limeneli ndine. Kukabwera mlendo ndinkati, Pemphero, perekeza alendo mpaka pa mlatho, ubwerere msanga. Kuperekeza kumene akukudziwa ndi komweko. Maliro a kuno sanapiteko ngakhale amodzi. Ine ndinamva zimene mtima wanga umafuna.

A Jenifa anabwera madzulo. "Alamu, mulirireni pa foni, abwera. Mwana sakana misozi ya mayi ake." Akunena zoona, n'chifukwa chake ndikuopa. Ntchito yake ili konko, adokotala a mtima wake ali konko. Kuno ndimupatsa chiyani, chikwakwa?

Koma ndikumufuna. Ndikumufuna mwana wanga mpaka m'mafupa.

Loweruka, 14 Juni

Waimba yekha. Mawu ang'onoang'ono. Chikwerereni ndege ya 2006 sanakwerenso. Anzake akumuopseza kuti masiku ano asayandikire bwalo la ndege, wina akhoza kuyang'ana khadi lake la DACA n'kuyamba mafunso. Loya wati khadilo ndi lovomerezeka, anyamule mapepala onse, ayankhe zimene wafunsidwa basi. Ulendo umene ndinautcha kusiya thumba panjira, iye akuupita mtima uli m'mwamba.

Kenako anati, "Mukati ndibwere, Amayi, ndibwera. Nenani chabe."

Ndinali nditaima pakhomo la chipinda chake, ndikuyang'ana mkeka. Liwu limodzi lokha. Linafika pakamwa, ndinalimeza.

Ndinati, perekeza bambo ako mpaka pamene pepala likulola. Ukaona ndege yawo yanyamuka, usachedwe, ubwerere kunyumba.

Kunyumba. Ndinanena ndi pakamwa pangapa, ndipo sindimanena kuno.

Lolemba, 16 Juni

Wadutsa bwino. Wa yunifolomu anangoyang'ana khadi, n'kumuyang'ana nkhope, n'kumubwezera. Maola awiri osakwana m'mwamba, iye pampando, bambo ake pansi pamodzi ndi katundu.

Watumiza chithunzi cha ku Washington. Zenera lalikulu, ndege patali, dzanja lake pagalasi. Nkhope palibe. Ndinakulitsa chithunzicho. Kachala kakang'ono kokhota, ngati kanga, ngati ka malemu amayi.

Mu 2006 ndinaima chomwecho pa mpanda wa ku Chileka, zala pawaya, mpaka ndege inasanduka kadontho. Banja lathu ndi la operekeza okhaokha.

Lachinayi, 19 Juni

Tinaika dzulo, kwawo kwa a Jenifa. Galimoto yonyamula thupi itafika, anthu anasiya kuyang'ana bokosi, maso onse pa chitseko, kudikira amene atsike. Anatsika dalaivala ndi akulu a mpingo awiri. Falida anandigwira mkono osanena kanthu. Koyamba chimudziwireni.

Chitenje chachiwiri ndinachiyala pa bokosi. Dothi ndinaponya kawiri, langa ndi la mwana.

Misozi inakanabe. Pa nyimbo ayi, pa manda ayi. Madzulo dalaivala anatsanzika. Sindikudziwa chinandigwira, ndinatsatira galimoto yopanda kanthu ija wapansi, iyo ikuyenda pang'onopang'ono m'mabampu, mpaka pa mlatho. Apo ndinaima. Apo ndi pamene ndinalira, ndekha, fumbi lili m'kamwa.

Lero mawu a Pemphero. "Amayi, ndabwerera, ndafika bwino. Ndinachita bwino?"

Ndamuyankha kuti waperekeza monga ndinakuphunzitsira.

Mkeka sindinaupinde. Mawa ku munda, ngati mbalame zasiyako kanthu.