Akukana Opaleshoni Chifukwa cha Ndevu

Aphungu,

Ndithandizeni, amuna anga akufuna kufera ndevu. Ndi a Mwamadi, amene amayendetsa lole yonyamula mabokosi a tiyi kuchoka ku esiteti kupita kusiteshoni ya sitima ku Luchenza. Chaka cha dzombe chija kudatuluka kachotupa pansagwada yawo, kolimba ngati mwala, kosapweteka. M'malo mopita kuchipatala, adangosiya kumeta kuti kabisike. Chotupa chikamakula, ndevu nazo amazilekerera.

Ndiye ndevuzo zawapatsa ulemu, aphungu inu! Kumzikiti akuwakhazika kutsogolo. Amayi othyola tiyi amawagwadira pamsewu, ati "a Shehe akudutsa," chonsecho ushehewo sadauphunzire n'komwe. Koma ine wodya nawo ndikuona: mano awiri agwedera, nyama akutafunira mbali imodzi, chimanga chokazinga adasiya kalekale.

Mwezi watha ndidawakokera kuchipatala cha mishoni. Dokotala wachizungu adapapasa n'kunena kuti chotupachi si choyenda m'thupi, koma chikudya fupa, achichotse msanga chisanathyole nsagwada. Akuluwa adavomera zonse, mpeni, mankhwala ogonetsa, osaphethira. Atangomva zoti ayambe ameta, adadzambatuka. "Zulaika, tiye kwathu. Mzunguyu akufuna andiyendetse wamaliseche."

Lamulungu masana amagona tulo tofa nato pakhonde, ndipo lumo ndili nalo. Ndiwamete mbali imodzi kuti inayo amalize okha? Ndikuseka, komatu ndili ndi mantha.

Z. M., Masambanjati

Mayi Z. M.,

Lumolo bwezerani komwe mwalitenga. Munthu wogona amadzidzimuka, dokotala angalandire bala pakhosi kuwonjezera pa chotupa. Komanso ndevu za Msilamu si udzu wa pabwalo. Mukazimeta mwakuba, mlandu udzakhala wanu, chotupa n'kuiwalika.

Amuna anu sakuopa lumo, akuopa maso a anthu. Choncho pitani kwa shehe weniweni, mumuuze zonse, za mano ogwederawo osasiya. Mawu oti kumeta chifukwa cha matenda si manyazi achokere kwa iyeyo, poti a inu adawazolowera. Tchuthi akapemphe bwinobwino kwa bwana wa esiteti, angadzapeze lole ili ndi mwini wina. Kumeta akametere kuchipatala komweko tsiku la opaleshoni. Potuluka adzakhala atakulungidwa nsalu mpaka m'makutu, palibe wothyola tiyi amene adzaone chibwano chawo.

Inu konzekerani phala lamadzimadzi ndi nthochi zakupsa. Kwa masabata angapo sadzatha kuyankhula bwino, ndiye zonse zimene mudasunga mumtima chikwatirane chija, nthawi yozinena ndi imeneyo.

Koma musadikire kuti mvula ithe kapena tiyi achepe m'munda, chotupa sichidikira nyengo. Muwafunse mosapsatira: nsagwadayo ikathyoka, ndevuzo adzazipachika pati?