Mzere Unalipo Kale

12 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Ndine ndemwe, mlongo wanu wa pakamwa posatseka uja. Akugwira cholembera ndi apongozi anga, akazi a mwana wanga wachiwiri, poti ine ndi zilembo sitinadziwanebe mpaka lero. Kuno tili bwino, kupatula bondo lakumanzereli.

Mwezi watha apongoziwa anabwera ndi chibuku chonenepa ngati njerwa, chofotokoza mmene akuluakulu anakambirana za mtendere nkhondo itatha, n'kudula malire atsopano. Akhala akundiwerengera masana pakhonde, ine ndikutsutsa. Tsiku lina anatopa nane. "Bambo, kodi bukuli munalemba ndinu?" Ndinati, "Iyayi amayi, koma ndinaliyenda ndi mapazi."

Mukukumbukira kuti ndinkakoka unyolo wa anthu oyeza malo aja, n'kumakhoma zikhomo. Chimodzi ndinakhoma pakati pa nyumba yanu ndi chitsime cha amayi. Munaima pakhomo, mwana kumsana, n'kunena kuti, "Wandigulitsa." Zaka makumi anayi ndi zitatu simunandiyankhule.

Tsono imvani. Bukuli likuti mzere wa malirewo anaujambula patebulo, kutali uko, miyezi isanu ndi iwiri ine ndisanalembedwe ntchito. Ndinati abwereze katatu. Ndinavina, Achemwali, ndodo kutayira uko!

Koma nditakhala pansi chimwemwe chinaphwa, chifukwa pali china chimene bukuli silikudziwa. Mapu a malirewo ndinawaona atayalidwa pagalimoto kutatsala masiku anayi kuti tikhome chikhomo chija. Kuwerenga sinditha, koma mtsinje ndi phiri ndinazizindikira. Ndikanakutsinani khutu, mukanasamuka ndi ana asanamange waya. Kapitawo anali atanena kuti wotsegula pakamwa ntchito yatha. Ine, wolongolola mudzi wonse, masiku anayi amenewo ndinakhala duu. Ndikhululukeni.

Apongozi akuti pepala likutha, ndipo akupukuta m'maso n'kumanamizira fumbi.

Ndamva kuti atsegula chipata chatsopano pafupi ndi msika wakale, ndipo okalamba akudutsa ndi chitupa chokha Lachisanu lililonse. Kuyambira Lachisanu likubwerali ndizikhala pabenchi ya mbali ya kuno. Mukadzaona nkhalamba ya dazi, chipewa m'manja, musadzaipitirire. Ngati n'kudzandikalipira, bwerani ndithu, ndidzamvetsera mpaka mutamaliza.

Moni kwa alamu ngati akadalipo, ndi kwa ana onse. Munditumizire mayina a adzukulu, ndiyambe kuwaloweza.

Ndine mlongo wanu,
Wamng'ono uja